Nyumba ili ku France, mwini wake ali ku Britain: zimene zimatsatira makiyi akaperekedwa

M'midzi ya ku Dordogne, kumwera chakumadzulo kwa France, muli nyumba zambiri zamiyala zimene mawindo ake amakhala otseka ndi zitseko zamatabwa kuyambira Okutobala mpaka Epulo. Si mabwinja ayi. Eni ake alipo, koma ali ku Leeds, ku Bristol kapena ku Glasgow, ena pa ntchito, ena akulera zidzukulu, kudikira kuti kunja kufunde. Bungwe la kalembera la ku France, INSEE, linapeza kuti anthu okhala ku Britain ali ndi nyumba zachiwiri pafupifupi 86,000 m'dzikomo, kuposa anthu a dziko lina lililonse lakunja. M'tauni ya Eymet Angerezi anachuluka mpaka kukhala ndi timu yawoyawo ya kiriketi, ndipo dera lonselo ena amalitcha moseka kuti Dordogneshire, ngati kuti ndi boma lina la ku England.

Chinawakopa si chachilendo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 paundi imodzi inkagula mayuro oposa 1.50, ndege zotchipa zinayamba kutera ku Bergerac ndi ku Limoges, ndipo nyumba yakale ya pafamu, ya khola ndi munda womwe, inkagulidwa pa mtengo umene ku London sungapezere ngakhale kachipinda. Mpaka lero France saletsa mlendo kugula nyumba. Chimene ambiri saganizira pa tsiku losainira n'chakuti nyumba imafuna munthu miyezi yonse 12, pamene lamulo limalola mwini wake kukhalamo theka la chaka basi, ndiponso moduladula. Mavuto ambiri a nyumba yachiwiri amabadwira pamenepa.

Kugula kwenikweni sikuvuta kwambiri, ngakhale kumayenda mosiyana ndi ku England. Zonse zimadutsa m'manja mwa notaire, katswiri wa malamulo woikidwa ndi boma, amene ntchito yake ndi kutsimikiza kuti malondawo ali m'chimake ndi kutolera msonkho. Sakhala loya womenyera nkhondo wogula, ndipo amene sadziwa Chifalansa amachita bwino kupeza womasulira kapena loya wakewake. Wogula amasaina pangano loyamba lotchedwa compromis de vente, amapereka chikole cha maperesenti 5 mpaka 10, ndipo ali ndi masiku 10 oti asinthe maganizo popanda kutaya kanthu. Masikuwo akatha, wamangika. Pamapita miyezi pafupifupi 3 kuti asaine chikalata chomaliza, mwa zina chifukwa choti ngati malowo ndi a ulimi, bungwe loyang'anira malo a ulimi la SAFER limapatsidwa miyezi 2 yoti lione ngati likufuna kuwagula lokha. Pamwamba pa mtengo wa nyumba yakale pamawonjezeka maperesenti 7 kapena 8. Anthu amazitcha ndalama za notaire, koma zambiri mwa izo ndi msonkho wa boma.

Tsopano za masiku. Mpaka pa 31 Disembala 2020, munthu wa ku Britain ankatha kunyamuka Lachisanu, kukhala ku nyumba yake ku France miyezi imene wafuna, n'kubwerera popanda womufunsa. Kuyambira pa 1 Januwale 2021, dziko lake litatuluka mu European Union, iye ndi mlendo ngati wina aliyense wochokera kunja. Amaloledwa masiku 90 pa masiku 180 alionse, osati ku France kokha koma m'mayiko onse 29 a dera la Schengen (mayiko a ku Ulaya amene anachotsa zipata pa malire a pakati pawo) kuwaphatikiza pamodzi. Sabata imene anakacheza ku Rome, kapena masiku amene anapita ku msonkhano wa ntchito ku Amsterdam, zonse zimadya m'mbale yomweyo. Tsiku lolowa limawerengedwa lathunthu ngakhale wafika 11 koloko usiku, chimodzimodzinso tsiku lotuluka.

Chimene chimasokoneza anthu n'chakuti masiku 180 amenewa sayambira pa tsiku lokhazikika, monga 1 Januwale. Amayenda ndi iwe. Tsiku lililonse uli m'dzikomo uyenera kucheukira masiku 180 kumbuyo n'kuwerenga amene unali mkati, ndipo asapitirire 90. Tiyerekeze banja lafika pa 1 Epulo kudzatsegula nyumba ndi kudzala maluwa, n'kukhala mpaka pa 29 Juni. Masiku 90 akwana. Sangalowenso mpaka pa 28 Seputembala, kutanthauza kuti Julayi ndi Ogasiti, miyezi ya dzuwa imene anaguliramo nyumbayo, ndiponso imene zidzukulu zimakhala pa holide, aithera ku Britain, tomato amene anadzala akupsera m'munda wopanda womuthyola. N'chifukwa chake eni nyumba ambiri amakhala ndi kalendala ya madontho ofiira pa khoma la kukhitchini, ndipo ochenjera amasunga masiku 10 kapena kuposa osawakhudza, kuopa tsiku limene adzamve kuti mphepo yasasula denga.

Kale zonsezi zinkadalira chidindo cha m'pasipoti ndi maso a wapachipata, amene nthawi zina ankakhala wotopa. Kuyambira mu Okutobala 2025 mayiko a Schengen anayamba kugwiritsa ntchito makina a EES, amene amajambula nkhope, kutenga zidindo za zala ndi kuwerenga masiku okha. Makina sanyengereredwa. Wopitirira masiku akhoza kulipitsidwa chindapusa kapena kuletsedwa kulowanso kwa kanthawi, ngakhale akhale ndi chikalata cha umwini wa nyumba m'thumba. Pasipoti nayo ili ndi msampha wake: pa tsiku lolowa isakhale itakwanitsa zaka 10 chiiperekereni, ndipo ikhale ndi miyezi 3 yotsala kuchokera pa tsiku lotuluka.

Mmalawi amene anatenga unzika wa Britain ali m'gulu lomweli akamayendera pasipoti ya kumeneko. Amene amakhala ku Britain koma akuyendera pasipoti ya Malawi amafunika viza ya Schengen ngakhale pa ulendo wa masiku awiri. Amwayi ndi amene agogo awo anabadwira ku Ireland, dziko limene lili mu European Union: ambiri anathamangira kukatenga pasipoti ya dzikolo, ndipo kwa iwo lamulo la masiku 90 kulibe.

Njira yozembera ilipo, koma ndi yotopetsa. France imapereka viza ya mlendo wongocheza ya miyezi yosapitirira 6, yotchedwa VLS-T, ndipo masiku a vizayi sawerengedwa pa 90 aja. Imalipiridwa mayuro 99, kuwonjeza za kampani imene imalandira mafomu ku London, Manchester ndi Edinburgh. Uyenera kupita wekha, kusonyeza kuti uli ndi ndalama zokwanira kudzisamalira, kulonjeza kuti sukagwira ntchito, n'kusiya pasipoti kwa milungu ingapo. Chaka chamawa uyambirenso. Kumapeto kwa 2023 seneta Martine Berthet wa ku Savoie anakwanitsa kulowetsa m'lamulo la olowa ndi otuluka gawo lopatsa eni nyumba a ku Britain ufulu wokhalitsa popanda kuvutika ndi mafomu. Anthu anasangalala msanga. Pa 25 Januwale 2024 khoti loona za malamulo aakulu a dzikolo, Conseil constitutionnel, linalichotsa gawolo ponena kuti linalowetsedwa m'lamulo losayenera. Palinso china choti wokonda kukhalitsa asamale: akamathera nthawi yambiri ya chaka ku France, a msonkho akhoza kumuona ngati wokhala komweko, ndiye nkhani ya penshoni ndi ndalama zake zonse imasintha.

Tibwere ku nyumbayo, imene yatsala yokha m'nyengo ya chisanu. Tsiku lotseka ndi ntchito ya tsiku lathunthu. Choyamba ndi madzi. Amatseka pa mita, imene nthawi zambiri imakhala m'kadzenje kovundikira pafupi ndi geti, kenako amatsegula mipopi yonse, kuyambira m'chipinda cham'mwamba kutsika, kuti m'mapaipi musatsale kanthu. Madzi akaundana amatupa n'kung'amba paipi, ndipo ming'aluyo siioneka mpaka kunja kutafunda. Pamenepo madzi amayenda mwakachetechete kwa milungu, siling'i n'kugwa, bilu n'kumakwera. Amakhuthulanso thanki ya madzi otentha, amazimitsa firiji n'kusiya chitseko chake chotsegula pang'ono, amaimika matiresi, zofunda n'kuziika m'mapulasitiki, mipando n'kuikokera kutali ndi khoma. Makoma amiyala amasunga chinyezi, ndipo nyumba yotsekedwa miyezi 5 imalandira mwini wake ndi fungo la chuku limene limatenga sabata kuti lichoke. Kudenga kumalowa alendo: mbewa, tinyama tonga agologolo totchedwa loir timene timatafuna mawaya, ndi mavu aakulu ochokera ku Asia amene amamanga chisa chofuna katswiri kuti achichotse. Akuluakulu anati walira mvula walira matope.

A inshuwalansi amazidziwa zonsezi, ndipo anazilemba kale m'timalemba ting'onoting'ono. Mapangano ambiri amati nyumba ikakhala yopanda munthu masiku oposa 60 kapena 90, chitetezo cha kuba chimachepa kapena kutheratu. Onani mmene lamulo la pachipata ndi la inshuwalansi zimawombanirana: lina likukuthamangitsa, lina likukulanga chifukwa chochoka. Ena amafunanso umboni woti madzi anatsekedwa m'chisanu. Ngati nyumba ili ndi mbaula ya nkhuni, chumuni chiyenera kupalidwa mwaye ndi katswiri kamodzi pachaka, ndipo kapepala kamene amasiya kasatayike, chifukwa moto ukabuka adzakafunsa.

Kunja nakonso sikudikira. M'madera amene moto wolusa umavuta, lamulo limakakamiza mwini nyumba imene ili pafupi ndi nkhalango kulambula tchire mamita 50 kuzungulira nyumba, ngakhale mbali ina igwere m'malo a mnansi. Chiyambire moto waukulu wa ku Gironde mu 2022 akuluakulu safunanso zifukwa. Kuotcha zinyalala za m'munda n'koletsedwa. Uyenera kuzinyamula kupita nazo ku déchetterie, malo otayira zinyalala a khonsolo, kumene nthawi zambiri amafuna khadi. Makina otchetchera kapinga ali ndi maola ake, ndipo Lamulungu m'madera ambiri amaloledwa kuyambira 10 koloko mpaka 12 koloko masana basi. Damu losambira lokumba pansi liyenera kukhala ndi mpanda, alamu kapena chovundikira chovomerezeka, malinga ndi lamulo la mu 2003, ndipo chindapusa chake chimatha kufika mayuro 45,000. Nyumba zambiri zakumudzi sizinalumikizidwe ku mapaipi a suweji, zili ndi sepitiki thanki, imene a bungwe la SPANC amabwera kudzayendera. Ngati lipoti la pa nthawi yogula linati siili bwino, wogula ali ndi chaka chimodzi choti akonze, ndipo ndi ntchito ya mayuro masauzande angapo imene ambiri amaiwala kuichotsera pa mtengo.

Magetsi ali ndi kanthu kake koseketsa. Ku France umasankha mphamvu imene ukufuna, monga 6 kVA kapena 9 kVA, ndipo ndalama ya pamwezi imatengera pamenepo, ukhalepo kapena usakhalepo. Mngerezi amafika ndi ketulo yake ya 3 kW, n'kuiyatsa uvuni ndi makina ochapira zili mkati, nyumba yonse n'kuthima. Palibe chawonongeka. Mita ya magetsi, yotchedwa Linky, yangokana kupereka zoposa zimene analipira.

Mwa zonse, ine ndimaona kuti chachikulu ndi funso lakuti makiyi ali ndi ndani. Amalawi a ku Britain kapena ku Johannesburg amene anamanga ku Area 49 kapena ku Chileka safunika kuwafotokozera zimenezi. Ku France kuli timakampani tambiri, tina ta Angerezi amene anakhazikika komweko, timene timalipitsa pamwezi kuti tizizungulira nyumba, kutsegula mawindo, kutola makalata ndi kutumiza zithunzi. Apolisi a gendarmerie ali ndi ndondomeko yaulere, Opération Tranquillité Vacances, yoti azidutsako ukachoka, ngakhale anaikonzera maulendo a holide osati miyezi 6. Koma palibe choposa mnansi amene amaona denga lako ali pakhomo pake. Ameneyo sagulidwa ndi ndalama. Amapezeka pomupatsa moni wa bonjour usananene china chilichonse, popita kukadzionetsa kwa meya wa mudziwo utangofika, pogula buledi pa bekale ya pomwepo, ndi poyesa Chifalansa ngakhale chothyokathyoka. Dziwaninso kuti si onse amene amakondwa nawo alendowa. Ku Brittany ndi ku dera la Basque achinyamata akhala akuchita zionetsero ponena kuti nyumba zotsekedwa theka la chaka zakweza mitengo mpaka eni dera kulephera kupeza pokhala, ndipo mfundo yawo ndi yomveka.

Amisiri ndi nkhani ina. Wabwino amakhala ndi ntchito za miyezi ingapo kutsogolo, mu Ogasiti ambiri amatseka kupita ku holide, ndipo kasitomala amene ali kutsidya la nyanja ndi wosavuta kumuika kumapeto kwa mzere. Ntchito imayamba ndi kotesheni yolembedwa yotchedwa devis, imene ukaisaina yasanduka pangano. Pa pepalalo payenera kuoneka nambala ya SIRET, yosonyeza kuti mmisiriyo ndi wolembetsa, ndipo pa ntchito zazikulu monga denga afunsidwe chikalata cha inshuwalansi ya zaka 10. Kusintha maonekedwe a kunja, ngakhale mawindo okha, kumafuna kudziwitsa ofesi ya meya, ndipo ngati nyumba ili pafupi ndi tchalitchi kapena nyumba yachifumu yotetezedwa, katswiri wa boma akhoza kukusankhira mtundu wa penti. Chiyeso cholemba waganyu wolipidwa pamanja chimakhala chachikulu chifukwa ndi wotchipa, koma akagwa pa makwerero mlandu ndi wako, ndipo pa tsiku logulitsa nyumba a msonkho amangovomera malisiti a makampani olembetsa.

Misonkho ya pachaka ndi iwiri. Taxe foncière amalipira aliyense amene anali mwini nyumba pa 1 Januwale, ndipo imafunika pakati pa Okutobala. Taxe d'habitation inathetsedwa mu 2023 pa nyumba zimene anthu amakhalamo nthawi zonse, koma pa nyumba zachiwiri inatsala, ndipo m'madera amene nyumba zikusowa makhonsolo ali ndi mphamvu yowonjezerapo maperesenti 5 mpaka 60. Kuyambira chaka chomwecho mwini nyumba aliyense ayenera kulemba pa webusaiti ya a msonkho kuti m'nyumbamo mumakhala ndani, apo ayi chindapusa cha mayuro 150. Kuchedwa kulipira kumawonjeza maperesenti 10, ndipo kunena kuti kalata inali m'bokosi ku Dordogne iwe uli ku Leeds sikuthandiza. Ambiri amatsegula akaunti ya mayuro kuti mabilu azidulidwa okha. Ku Spain, kumene Angerezi enanso ambiri anagula, kuli msonkho wina umene amadula ngakhale nyumba isanachititsidwe lendi, ndipo chitulukireni mu European Union iwo amalipira pa mlingo wa maperesenti 24 m'malo mwa 19.

Mabilu onsewa ali m'mayuro pamene penshoni ili m'mapaundi. Kumapeto kwa 2008 paundi inatsala pang'ono kufanana ndi yuro. Pakati pa 2015 inafika pa 1.40, ndipo itachitika voti ya mu Juni 2016 yoti Britain ituluke mu European Union inagwa kufika pansi pa 1.20. Bilu ya mayuro 1,500 pa mtengo wa 1.40 ndi mapaundi 1,071, koma pa 1.15 ndi mapaundi 1,304. Nyumba yomweyo, bilu yomweyo.

Ulendo nawo unasintha. Amene amadutsa ndi galimoto pa sitima ya pamadzi kuchokera ku Portsmouth kupita ku Caen kapena ku Saint-Malo, kapena pa njanji ya pansi pa nyanja ku Folkestone, kale ankadzaza buti ndi masoseji, tchizi ndi bekoni. Tsopano nyama ndi za mkaka n'zoletsedwa kulowa nazo, ndipo mu Januwale 2021 a kasitomu a ku Netherlands anaoneka pa wailesi yakanema akulanda oyendetsa magalimoto masangweji a nyama ya nkhumba. Mipando, zida kapena makina opita ku nyumba yachiwiri, zikapitirira mtengo wa mayuro mazana ochepa amene mlendo amaloledwa, zimayenera kulembetsedwa ndi kulipiridwa msonkho wa maperesenti 20. Galu, amene kwa ambiri ndi wam'banja, anayamba kufunika chikalata cha dotolo wa ziweto chotengedwa pasanathe masiku 10 ulendo usanachitike, ulendo uliwonse chatsopano, ndipo pobwerera ayenera kumwetsedwa mankhwala a njoka za m'mimba ndi dotolo wa ku France pakati pa maola 24 ndi 120 asanalowe ku Britain. Odalira ndege amaphunzira kuti maulendo a ku mabwalo ang'onoang'ono amachepa kapena kuimiratu m'chisanu. Akadwala, khadi la zaumoyo la ku Britain lotchedwa GHIC limawathandiza kuchipatala cha boma monga mmene amathandizidwira eni dziko, kutanthauza kuti kwa dotolo wamba amalipira kaye mayuro 30 n'kudzabwezeredwa gawo lina, koma ndege yobwezera wodwala kapena maliro kwawo siili m'khadimo.

Ena amati nyumbayo idzilipirire yokha pochititsa lendi kwa alendo a holide. N'zotheka, koma uyenera kulembetsa ku ofesi ya meya, kulipira msonkho ku France, kuuzanso a HMRC, otolera msonkho ku Britain, ndi kupeza munthu wosintha zofunda Loweruka lililonse. Milungu imene alendo amalipira bwino ndi yomweyo imene mwini wake amafuna kukhalamo.

Chomaliza chimene anthu amazengereza kuchiganizira ndi potulukira. Pogulitsa, phindu limadulidwa maperesenti 19, kuwonjeza msonkho wina wa zachisamaliro cha anthu, ndipo zimachepa pang'onopang'ono mpaka woyambawo kutha pakapita zaka 22, winawo zaka 30. Wokhala ku Britain akamagulitsa nyumba yoposa mayuro 150,000 nthawi zambiri amayenera kulemba ntchito womuimira pa za msonkho, amenenso amadya zake. Imfa ndiye imavumbula zambiri. Ku England munthu amasiyira chuma chake amene wamufuna. Ku France ana ali ndi gawo limene kholo silingawamane: mwana mmodzi theka, awiri magawo awiri mwa atatu, atatu kapena kuposa magawo atatu mwa anayi. Kuyambira pa 17 Ogasiti 2015 mlendo akhoza kulemba mu wilo kuti chuma chake chidzagawidwe potsata lamulo la dziko lake, ngakhale lamulo lina la mu 2021 linabwezera ana mphamvu zina ngati womwalirayo kapena mmodzi wa anawo ndi nzika ya European Union kapena amakhala kumeneko. Koma kusankha lamulo la kwanu sikusintha msonkho. Mkazi kapena mwamuna wa ukwati wovomerezeka salipira kanthu, mwana wobereka amakhululukidwa mayuro 100,000 oyamba, pamene mwana womupeza, kapena bwenzi limene munangokhala nalo popanda ukwati, amadulidwa maperesenti 60 pafupifupi pa zonse. M'mabanja a ukwati wachiwiri, amene ndi ambiri pakati pa ogula nyumba atapuma ntchito, zikutanthauza kuti mwana amene anakulira m'manja mwako akalandira nyumba ya mayuro 200,000 a msonkho adzafuna pafupifupi 119,000. Amapatsidwa miyezi 6 yoti alembetse ndi kulipira ngati imfa inachitikira ku France, kapena miyezi 12 ngati inachitikira kunja, ndipo nyumba yakumudzi yofuna kukonza denga kawirikawiri siipeza wogula pa nthawi yochepa chotero.